Miyezi Khumi ndi Iwiri ya Losaline

Ku Kona kuno, pachilumba cha Hawaii ku Amereka, mukaona mpanda wa miyala yakuda woima bwino, wopanda simenti yotuluka m'mipata ngati mamina a mwana, dziwani kuti pagwira Mtonga wa kuzilumba za Tonga. Ukakhala kuti wawongoka mpaka pangodya osapindika ngakhale pang'ono, musafunsenso, ameneyo ndi Sekope. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi wakhala akumanga mipanda ya mahotela ndi ya anthu achuma aja amene amabwera kudzagona m'nyumba zawo milungu iwiri pachaka. Koma mukati mufufuze pepala limene pali dzina lake, mungodzitopetsa. Ntchito zonse zimalembedwa m'dzina la Manase, mnzake wobadwira ku Honolulu, amene ali ndi chiphaso, galimoto ziwiri ndi pakamwa posatseka.

Sekope anachokera ku Ha'apai, ku Tonga, ndi gulu la malipenga la mpingo, iye akuliza lipenga lalikulu lija lozungulira thupi. Anatenga mkazi wake Seini ndi mwana wawo Losaline, ali ndi zaka zitatu. Gululo linabwera anthu makumi atatu, pobwerera anakwera ndege anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Ndani sazidziwa zimenezi? Pamene chilolezo cha miyezi isanu ndi umodzi chimatha, Sekope anali atayamba kale kunyamula miyala, ndipo kumudzi anali atayamba kale kukhoma malata ndi madola ake.

Losaline ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, agogo ake, mayi a Seini, anamwalira ku Tonga. Aliyense amadziwa kuti wopanda mapepala akatuluka, chitseko chimadzitsekera kumbuyo kwake. Seini ankadziwanso. Koma mwana wamkazi mmodzi yekha angaike mayi ake pa foni? Analongedza akulira, napita. Papita zaka khumi tsopano. Amalankhulana kamodzi pa mlungu, kuno kukakhala Loweruka masana, kumeneko kuli kale Lamulungu, Seini atavala zoyera za kutchalitchi. Sekope amamusowa mkazi wake, ndipo sabisa ayi. Tsiku lina anauza Manase kuti chimene chimamupweteka kwambiri n'chakuti Seini anamera imvi iye kulibe, anangoziona pa galasi la foni zitadzaza kale mutu.

Mwanayo anamulera yekha. Anaphunzira ndi kuluka tsitsi komwe, ngakhale ankalimbitsa ngati akumanga katundu, mwana mpaka kulephera kutsinzina. Losaline anakula ndi mutu wakuthwa. Za unamwino anaziyamba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tsiku limene mwala unaphwanya chala cha bambo ake, iwo n'kukana kupita kuchipatala poopa mafunso. Anawatsuka yekha, kuwamanga, n'kuwakalipira komwe ngati mayi.

Tsono koleji ya boma ili ndi mitengo iwiri. Pali wa ana a kuno, pali wa alendo, ndipo wa alendowo ndi wowirikiza pafupifupi katatu. Mwana wopanda mapepala sayembekezera thandizo la boma, zonse n'zam'thumba la makolo. Koma mphunzitsi wina anamutsina khutu Losaline kuti pali kakhomo: akaphunzira sekondale zaka zitatu m'dziko muno, n'kumaliza, n'kusaina pepala lolonjeza kuti adzakonza mapepala ake mpata ukadzapezeka, adzalipira ngati mwana wa kuno. Sekope anaziloweza zimenezi ngati vesi. Mtengo wa kuno akanaukwanitsa, akamamanga ndi Loweruka lomwe. Wa alendowo ayi, ngakhale atagwetsa phiri la Hualalai n'kulimanganso.

Kenako inalira foni yochokera ku Utah, dera lina la Amereka kutsidya kwa nyanja.

A Kalesita ndi achemwali ake a Sekope, akuluakulu. Anakwatiwa ndi nzika ya Amereka, mapepala ali nawo, amuna awo anamwalira, ana awo atatu onse ndi aamuna. Kwathu ku Tonga mlongo wa bambo si munthu wamasewera. Ndiye amatcha ana a mlongo wake mayina, ndiye amakhala pamwamba paukwati, ndipo mwana wa mlongo wake akamufuna amangotenga. Mwamuna salowa kuchipinda kwa mlongo wake, saseka naye nthabwala zopusa, ndipo samuyankha kuti ayi. Matenda a shuga anali atawadulitsa mwendo a Kalesita. Ana aamuna sangasambitse mayi awo, azipongozi awo ndi a ntchito za m'maofesi. Mawu awo anali ochepa: "Sekope, nditumizire mwana wanga."

Losaline anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sekondale. Sekope anawerenga zala: zaka zitatu zakwana kale, sukulu ndi sukulu, Utah ndi Amereka yemweyo. Anamutumiza. Ku mpingo tinamuyamikira, abusa mpaka kumutchula pa ulaliki kuti nayu mwamuna wodziwa ulemu. Tinaombera m'manja tonse, mbuli ife! Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zokafunsa ku koleji ngati ulemuwo uli ndi mtengo wake.

Chaka chimenecho nyumba inamukulira Sekope. Ankaphika mpunga wa anthu awiri mwachizolowezi, wotsala n'kutengera kuntchito mawa lake. Losaline kumeneko ankadzuka mbandakucha kusambitsa azakhali ake, kuwabaya jakisoni, kenako kuthamangira basi ya sukulu m'chisanu chimene sanachionepo chibadwire. Komabe anakhoza bwino. Mu Julaye anatsika ndege ku Kona atachepa thupi, satifiketi ili m'chikwama, ndipo bambo ake anamukumbatira.

Lolemba lake anapita limodzi ku koleji. Sekope anavala malaya a kutchalitchi, manja atawapaka mafuta a kokonati kuti ming'alu isaoneke. Mu ofesi anapeza mayi wina wa magalasi, wansangala ndithu, amene anaona mapepala onse mmodzimmodzi akugwedeza mutu. Atafika pa satifiketi anaima.

"Mwamalizira ku Utah?"

"Eya, mayi," anatero Losaline. "Koma zaka zitatu zinazo ndinaphunzira konkuno."

"Zimenezo zili bwino. Vuto ndi miyezi khumi ndi iwiri."

Sekope anayang'ana mwana wake. "Miyezi yake iti?"

Mayiyo anavula magalasi. "Ankolo, kuti alipire mtengo wa kuno, ayenera kukhala atakhala kuno miyezi khumi ndi iwiri yotsatizana asanayambe. Mapepala ake onse a chaka chathachi akuti amakhala ku Utah, womuyang'anira ndi Kalesita. Ndipo pano wakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amawerengedwa payekha."

"Koma ndi wa kuno ameneyu! Mano ake onse anagulukira pachilumba pompano. Kumeneko anangopita kukadwazika azakhali ake."

"Ndikumva, ankolo, ndipo anachita bwino. Koma ine ndimalemba zimene zili pa pepala."

"Nanga ku Utah komweko?" anafunsa Losaline, mawu ali pansi, ngati munthu wodziwa kale yankho.

"Kumenekonso akufunsani zaka zimene mwaphunzira kwawo. Chimodzi sichingakwane." Mayiyo anatsitsa mawu. "Mverani. Akhale pano chaka chathunthu, asapite kukakhala kwina. Azisunga chilichonse cholembedwa dzina lake ndi keyala ya kuno. Chaka chamawa mwezi ngati uno mubwere, ndidzamulemba ndekha. Koma akachoka, timayambiranso kuwerenga. Ndiponso musazengereze, malamulo amenewa masiku ano sagona malo amodzi."

Koma abale! Ku Utah akuti ndi wa ku Hawaii, ku Hawaii akuti ndi wa ku Utah, boma lalikulu likuti ndi wa ku Tonga, kumene mwanayo sakumbukako ngakhale mtengo umodzi.

M'galimoto Sekope anayesa kudzilimbitsa mtima. "Chaka n'chiyani? Chaka ndi mipanda isanu basi. Upeze kaganyu, tidikire."

Losaline anatulutsa foni n'kuwaonetsa bambo ake. Inali tikiti yobwerera ku Utah, ya Lachinayi la mlungu wotsatira.

"Azakhali anagula yopita ndi kubwerera, adadi. Akuti ndangobwera kudzakuonani. Ndimaopa kukuuzani."

"Mpaka liti?"

"Akuti mpaka atachira."

Mwendo wodulidwa umachira liti?

Kuntchito mawa lake miyala inkamukana. Ankanyamula mwala, kuuzunguza, kuuika, kuuchotsanso. Manase anamuyang'ana nthawi yaitali atatsamira fosholo.

"Mdala, mwala umenewo mukuufunsira ukwati kapena?"

Sekope anamufotokozera zonse. Manase anaseka mpaka kukhala pa wilibala.

"Basi? Nkhani yonseyi ndi imeneyi? Imbani foni, muwauze kuti achemwali pepani, mwana sabwera. Mawu anayi okha. Ndikuimbireni ine?"

"Iwe unabadwira m'chipatala cha azungu, sungamve."

"Ndikumva bwino. Bambo wonyamula mwala wolemera kuposa ine, akuopa gogo wa mwendo umodzi amene ali kutsidya kwa nyanja."

"Tseka pakamwa pako! Ndi achemwali anga amenewo." Sekope anaponya hamala pansi. "Mayi athu anamwalira ine ndili ndi zaka zinayi. Anandibereka kumbuyo ndani? Anasiya sukulu ndani kuti ine ndidye? Lero akudwala, ndiwauze kuti ayi, ndi pakamwa pomwe anandidyetsapo?"

Manase analeka kuseka. "Ndiye nawonso anasiya sukulu chifukwa cha inu, uyunso asiye sukulu chifukwa cha iwo. Banja lanu akazi adzaphunzira liti?"

Tsiku limenelo anadya nkhomaliro atafulatirana.

Loweruka anaimbira Seini. Ankaganiza kuti mkazi wake anena zimene mkazi aliyense wa kwathu anganene za mlamu wake wamkulu, zoti tingatani, ndi azakhali ake. Seini anamvetsera mpaka kumapeto, kumbuyo kwake atambala akulira ndi belu la tchalitchi.

"Sekope, ndinene kapena ndikhale chete?"

"Nena."

"Ine mwana uja ndinamusiya ali wamng'ono, akulira atagwira siketi yanga. Sindinamuone akutha msinkhu. Zaka khumi ndakhala ndikudziuza kuti palibe kanthu, akuphunzira, adzakhala namwino. Ndi chokhacho chimene chimandigonetsa tulo. Usadzandiuze kuti ndinamusiya kuti azikataya mikodzo ku Utah mpaka kukalamba."

"Seini, ndi achemwali anga."

"Ndikudziwa. Ine sindingawayankhe, Losaline sangawayankhe. Watsala ndiwe."

Lamulungu atabwera kutchalitchi, Sekope sanavule mkeka wa m'chiuno umene timavala polemekeza. Anakhala pansi pabalaza atapinda miyendo, ngati kuti achemwali akewo ali pampando patsogolo pake, n'kuimba foni. Mawu anali atawakonza mlungu wonse. Losaline anaima pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja.

"Achemwali, mwaswera bwanji?"

"Iwe Sekope, ndaswera bwanji? Chichokereni mwana wanga sindinasambe bwino. Akunditumizira mtsikana wa ganyu, amandigwira ngati thumba la chinangwa. Dzulo ndinagwa kubafa, ndinagona pansi maola awiri ndikuitana." Mawu awo anali ofooka, osati aja ankagwedeza nyumba kale. "Mwana wanga ali bwanji? Ukumudyetsa?"

"Ali bwino, achemwali. Kungoti nkhani ya sukulu..."

"Sukulu wamaliza. Ndinamuveka nkhata za maluwa ndekha, ndili pa njinga yanga ya olumala. Kapena pali china?"

Apa ndi pamene panafunika mawu anayi a Manase aja. Sekope anatsegula pakamwa. M'maganizo anaona mlongo wake atagona pa simenti yozizira akuitana.

"Palibe, achemwali."

"Ndiye Lachinayi?"

"Lachinayi, achemwali."

Foni itaduka, Losaline anaika mbale ija patebulo mwakachetechete n'kulowa kuchipinda kwake. Sanakalipe, sanalire pamaso pawo. Akanakalipa zikanakhalako bwino. Masiku atatu otsatirawo anawachapira zovala zonse, anawaphikira masamba a koko ndi nyama ya m'chitini n'kuika m'firiji m'timapukusi ta tsiku lililonse, analemba papepala nthawi zomwera mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Sekope ankangoyang'ana, manyazi atamugwira, mtima ukumuwawa ngati mwana wapita kale.

Lachinayi m'mawa anakweza sutikesi kumbuyo kwa galimoto ya ntchito, pambali pa mahamala ndi matumba a simenti. Ndege inali ya hafu pasiti naini. Anatsika phiri, nalowa mu msewu waukulu wopita kumpoto, uku ndi uku kuli miyala yakuda yokhayokha mpaka kunyanja. Losaline ankayang'ana pawindo.

"Adadi, musamadye zamchere kwambiri."

"Ndamva."

"Amami mukawaimbira, muwauze kuti ndinafuna ndekha. Musawauze zina."

Sekope anangoyang'ana msewu. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akumukonzera bodza loti abisalemo, bambo wamkulu ndi ndevu zake! Kutsogolo kunaoneka maloboti a pamphambano yokhotera ku bwalo la ndege. Anayenera kulowa mzere wa kumanzere. Anaona mzerewo, anaona galimoto za alendo zikulowamo, manja ake ali pa chiwongolero. Loboti inali yobiriwira. Galimoto inapitirira.

"Adadi, mwadutsa."

"Ee."

"Pokhotera paja ndi pamene."

"Ndapaona."

Losaline anawayang'ana bambo ake. Nkhope yawo inali itanyowa, misozi ikutsikira m'ndevu, koma maso ali pamsewu ndipo phazi silinachoke pa mafuta. Mtsikanayo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anayenda choncho mpaka anafika ku Waikoloa, kumene kunali ntchito.

Manase ataona sutikesi ndi mwini wake akutsika, anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, kenako anangovula chipewa n'kupita kukasakaniza simenti kuseri. Sekope anayamba ntchito ngati tsiku lina lililonse. Losaline anakhala pamthunzi wa galimoto akuyang'ana nthawi pa foni yake. Hafu pasiti naini inakwana, inadutsa.

Foni ya Sekope inalira chakumasana. Mdzukulu wa a Kalesita amene ankakonzeka kukamuchingamira anali ataona kuti Losaline sanakwere. Sekope anapukuta manja pa buluku, anayenda pang'ono kuchoka pamene panali mwana wake, n'kukhala pansi pafumbi. Achemwali salankhula nawo uli chiimire.

"Sekope, mwana wanga ali kuti?"

"Ali pano, achemwali."

"Wachedwa ndege?"

"Sanachedwe. Sindinamufikitse ndine."



"Bwereza."

"Akachoka kuno ataya sukulu, achemwali. Akufunika akhale chaka chathunthu. Ndinalephera kukuuzani Lamulungu lija. Ndikutumizirani ndalama ya munthu wabwino wokusamalani, ndigwira ndi..."

"Ndakupempha ndalama ine?" Mawu aja anabwerera mphamvu zake zakale. "Unandiyankha kuti Lachinayi. Ndi pakamwa pako. Ndauza mpingo wonse kuti mlongo wanga akunditumizira mwana. Wandivula pagulu, Sekope, ine wa mwendo umodzi."

"Ndalakwa, achemwali."

"Umubweretsa liti?"

Sekope anatseka maso. "Sabwera, achemwali."

Anayembekezera kukalipiridwa, kutembereredwa, chilichonse. A Kalesita analankhula mofatsa, ndipo ankamveka kuti akulira.

"Tinabadwa awiri. M'dziko lino ndimati ndili ndi munthu mmodzi. Chabwino. Usandiimbirenso. Ndikafa akuuza ena."

"Achemwali..."

Foni inali itaduka kale. Iye anaigwirabe kukhutu, atakhala pafumbi paja, dzuwa likumuotcha pamutu. Mkazi ali kutsidya lina la nyanja, mlongo kutsidya linalo, ndipo iye sakanatha kupita kwa aliyense wa iwo kukagwada. Anafunitsitsa atamva mawu aja akumukalipiranso, ngakhale kamodzi kokha.

Losaline anabwera n'kugwada pambali pake.

"Adadi, akuti chiyani?"

Sekope anaika foni m'thumba. Anapukuta nkhope ndi malaya, n'kumuyang'ana mwana wake.

"Akuti uphunzire bwino."

Losaline anawadziwa azakhali ake chaka chathunthu, usana ndi usiku, ndipo anadziwa kuti sanganene zimenezo. Sanatsutse. Anawagwira bambo ake dzanja n'kuwadzutsa, kenako anapita kukatsitsa sutikesi yake kuti isadetsedwe ndi simenti.